Chikwangwani pa Kapinga wa Kochi

Kunyumba kwa a Lucius Pettaway ndi akazi awo a Odessa, m'tauni ya Tallow Creek ku Mississippi, Mavu akaluza Loweruka, chakudya cha Lamlungu chinkazizirira patebulo. Mavu ndi timu ya mpira wachimereka, uja wonyamula ndi kuponya ndi manja, ya koleji ya m'tauniyo, komwe awiriwa anaphunzira n'kudziwana. Chaka chimenecho Mavuwo analibe mbola.

Mkangano waukulu unabuka ataluza masewero achitatu. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Mavu anali kumbuyo ndi mapointi atatu, ali pafupi ndi mzere wogoletsera wa adani, pa mwayi wawo womaliza. Kochi Rayburn akanatha kuuza anyamata kuti amenye mpira pakati pa zitsulo za golo, apeze atatuwo, afanane mphamvu. Iye anasankha kuti auponyere mnzawo kuseri kwa mzerewo, komwe kumapatsa mapointi ambiri, apambaniretu. Mpira unafika m'manja mwa wosewera wina, Tavion Meeks, n'kuterereka ngati sopo.

"Munthu wanzeru amatenga zili pamphuno," anatero a Lucius akubaya nkhuku ndi foloko ngati ndiyo yalakwa. "Kochi ameneyu mutu wake ndi wongovalira chipewa."

"Mpira unamugunda mwana uja pachifuwa, bambo," anayankha a Odessa. "Mumafuna kochi alowe m'bwalo akamugwirire?"

"Anamuika pamenepo ndani? Abusa?"

"Nanga inu munagwetsa ingati chaka chomwe munasewera chija? Ine ndinali m'bandi ndi lipenga langa, zonse ndinkaziona."

Lolemba masana a Lucius anatenga chikwangwani cholembedwa kuti nyumba ikugulitsidwa, n'kukachizika pa kapinga wa Kochi Rayburn, monga amachitira anthu akafuna kuti kochi alongedze. Kenako anaimba foni ku pulogalamu ya masewero pa wailesi, n'kutchula dzina lawo lonse.

"Ine Lucius Pettaway sindidzapondanso pabwalo paja mpaka munthu ameneyu atachoka!"

A Odessa anamva mawuwo ali kukhitchini. Sankadandaula za kochi ayi. Ankaganiza za mtengo wa pekani womwe uli kunja kwa bwalo la masewero, pomwe malemu apongozi awo, bambo wa a Lucius, anayamba kuwotcherapo nthiti za nkhumba masewero asanayambe, a Lucius akadali pa msana. Malowo alibe pepala. Mwini wake ndi amene amabwera. Ukajomba Loweruka limodzi, umapeza ena atakhoma tenti, ndipo palibe khoti lokasumako.

Motero Loweruka lotsatira a Odessa anakokera okha mbaula m'galimoto. Nthiti zoyamba zinapserera. Mavu analuzanso, mvula ikuwakhuthukira. Anthu akafunsa kuti a Lucius ali kuti, iwo ankangoti, "Ali pa sitalaka."

Bambo wina wa tenti yatsopano, a Haskew, anayamba kumayenda mozungulira mtengowo ngati khwangwala.

"Mayi Odessa, mthunzi wonsewu nokhanokha?"

"Sindili ndekha, achimwene. Ndili ndi malemu apongozi anga, ndipo sakonda alendo."

Kunyumba mkangano sunathe. A Lucius ankati gulu la nkhosa limalowera komwe mbusa waloza. A Odessa ankati mbusa sangadyere nkhosa msipu. Kochi sanachoke. Chikwangwani chija anachizula ndi anyamata otchetcha kapinga.

Masewero omaliza anali a Mavu ndi Nguluwe za ku Delmont, adani akale omwe anali atawapondereza kwa zaka zambiri. M'mawa mwake a Odessa anaika tikiti pafupi ndi kapu ya khofi ya amuna awo.

"Mpando wanu ukuzizira."

"Ndinalumbira pa wailesi. Tauni yonse inamva."

"Tauni yonse inaiwala, mwatsala inu."

A Lucius anakankha tikitiyo ndi chala. A Odessa anaitola n'kukapatsa mnzawo wa kukwaya, a Verlene, amene mpira sankaudziwa koma kukuwa ankakutha.

Tsikulo nthiti zinapsa bwino, ndipo a Haskew anadya ziwiri n'kusiya kuyang'ana mtengo. M'bwalo, Mavu anakana kufa. Nguluwe zikagunda, iwo ankadzuka. Nthawi itatsala pang'ono, Mavu anapezekanso kumbuyo ndi atatu, pa mwayi womaliza. Theka la bwalo linakuwa kuti, "Menyani! Menyani!" Kochi Rayburn anangopinda manja.

"Akutani tsopano?" anafunsa a Verlene.

"Akudzikumbira manda kapena akudzimangira chipilala. Tsekani maso, mlongo."

Mpira unauluka mokwera kwambiri. Tavion anadumpha pakati pa Nguluwe ziwiri, n'kuukola ndi nsonga za zala, n'kugwa nawo kuseri kwa mzere atawukumbatira ngati khanda. Mavu anali atapambana, ndipo bwalo linaphulika. A Odessa, amene maondo awo ankadandaula ngakhale pa masitepe a tchalitchi, anangozindikira akutsetsereka pa khoma kulowa m'bwalo losewerera, ophunzira awiri akuwalandira pansi. Anthu anakwera zitsulo za golo, n'kuzigwedeza mpaka zinagwada, n'kuzisenza ulendo wokaziponya mumtsinje monga mwa mwambo wa tsiku logonjetsa Delmont. A Odessa anapeza pogwira kutsogolo kwenikweni.

Njira ya kumtsinje imadutsa pakhomo pawo. Ali chapatali anaona a Lucius ataima pamsewu, chopalira masamba chili m'manja, wailesi ya m'galimoto ikubangula zitseko zili pululu. Pabwalo pawo panalibe tsamba ngakhale limodzi lopalidwa. Maso awo anali ofiira.

"Odessa! Waona? Mwana uja! Waona manja aja?"

"Ndaona ndi maso anga, bambo. Inu mwaonera kuti?"

A Lucius anayamba kuyenda pambali pa gululo, akupunthwa m'ngalande.

"Komatu pamenepa kochi palibe chake. Wagwira mpira ndi mwana uja!"

"Ehe! Akagwetsa ndi kochi, akagwira ndi mwana?"

Ophunzira omwe anamva anaphulika ndi phwete. Mmodzi anawazindikira mawu. "Awa si agogo a pa wailesi aja?"

A Lucius anaweramitsa mutu, kenako anafunsa chapansipansi, "Pali malo pamenepo?"

A Odessa anawayang'ana kuchokera ku chipewa mpaka ku nsapato. Phewa linkawawa, mawu anali atasasa, koma sanafune kusinthana ndi munthu aliyense m'Mississippi monse.

"Kutsogolo kuno n'kwa amene ananyowa ndi mvula. Kagwireni kumchira."

A Lucius anataya chopalira chija n'kuthamangira kumbuyo. Anapeza kachidutswa kokwana dzanja limodzi, ndipo nyimbo ya Mavu itayamba, mawu awo ndiwo ankamveka kuposa a onse mpaka kumtsinje.

Timu yomwe inakulera suinyanyala chifukwa yatsimphina chaka chimodzi, pakuti tsiku lomwe idzathamange udzapezeka uli kumchira. Akuluakulu sananame: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.