Chiliza cha Dokotala wa Ana

Panali mayi wina, dzina lake Ndaziona, amene ankachitira nsanje ana a eni ake.

Bambo ake, a Likongwe, anali dokotala wa ana pa chipatala china chaching'ono cha kumapiri, ndipo anagwirapo ntchito zaka makumi atatu. Lachiwiri ndi Lachisanu ankakwera njinga yamoto kupita kumidzi kukachititsa sikelo. Kukagwa chikuku, ankatha sabata yathunthu osaoneka pakhomo. Ana a m'dera lonselo ankawadziwa mayina, ngakhale aja obadwira m'njira. Mwana akamalira, iwo ankamunyamula n'kuyamba kumuimbira kanyimbo, jakisoni n'kulowa mwanayo asanazindikire.

Ndaziona anali mwana wawo yekhayo, ndipo anakula akuyang'ana kumsewu. Akadwala malungo, bambo ake ankamugwira pachipumi, n'kumupatsa mankhwala, n'kunena kuti, "Uchira iwe, ndiwe wolimba." Akatero ankathamangira kwa mwana wina amene sanali wolimba. Tsiku la chinkhoswe chake anafika anthu akubalalika, thalauza ili matope okhaokha. Anapepesa. Iye anayankha kuti palibe kanthu, koma mumtima anasunga.

Dokotala uja atamwalira, pamaliro pake panasowa popondapo. Kunabwera aphunzitsi, alimi, oyendetsa minibasi, amayi obereka ana kumbuyo, onse akulira kuti, "Atate athu, atate athu!" Ndaziona anakhala pafupi ndi bokosi, maso ali gwa. Wina akati "atate", iye ankamva ngati amutsomphola chinthu m'manja. Misozi sinabwere. Ankaona ngati anthuwo amulanda ndi kulira komwe.

Patatha chaka, anamangitsa chiliza, nalengeza kuti mwambo wochivundukula udzachitika Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti. Amayi a kumidzi atamva, anatuma mnzawo Nachisale, amene mapasa ake anapulumukira m'manja mwa dokotalayo.

Nachisale anagwada pakhonde, nati, "Mayi, tamva za tsiku lija. Tikupempha kuti tidzabwere ndi ana athu. Aliyense ali ndi kamawu kake koti adzanene za atate."

Ndaziona anati, "Ali moyo munawatenga inu. Kodi manda omwe simungandisiyire?"

"Pepani mayi. Sitinkadziwa kuti tikukulandani."

Ndaziona anati, "Chabwino. Mudzabwere Lowerukalo."

Koma Nachisale atangochoka, iye anapita kwa abusa kukawapempha kuti mwambowo uchitike Lachisanu m'mawa, mwakachetechete. Mwamuna wake anayesa kumuletsa. Anati, "Akazi anga, ena adzayenda wapansi kuchokera kuseri kwa phiri, ana ali kumsana."

Iye anati, "Ayende. Ine ndinadikira zaka makumi atatu."

Lachisanu lija kumanda kunali anthu anayi: Ndaziona, mwamuna wake, abusa ndi mmisiri amene anamanga chilizacho. Anachotsa nsalu. Pamwalapo, pansi pa dzina la malemu, Ndaziona anali atalembetsa mawu akuti, "Bambo a Ndaziona". Atawawerenga, mtima wake unakhala pansi. Tsopano panalibe mwana wa munthu wina wowakoka malaya.

Abusa anapemphera. Atatha anati, "Mayi, pamwambo wotere pamafunika wina wonena mbiri ya malemu. Poti tachepa, tiuzeni ndinu."

Ndaziona anatchula chaka chimene bambo ake anabadwa. Anatchula sukulu zimene anaphunzira ndi chaka chimene anayamba ntchito. Apo mawu anamuthera. Kodi kumidzi kuja ankachita zotani? Ankalankhula bwanji ndi mayi amene mwana wake wakomoka? Nanga chinkawaseketsa n'chiyani? Iye ankangodziwa kulira kwa njinga yamoto ikamachoka, ndi kulira kwake ikamabwera. Ataona choncho, abusa anayambitsa nyimbo. Mwambo wonse unatha dzuwa lisanatenthe.

Loweruka anthu anafika m'magulumagulu, napeza nsalu itachotsedwa kale. Palibe anakalipa. Nachisale anawerenga mawu a pamwala aja, naomba m'manja mwaulemu, nati, "N'zoona, analidi bambo ake." Ndipo anatsogolera gulu lonse kupita kuchipatala, pansi pa mitengo pomwe amayi ankadikirira dokotala. Kumeneko anayala zitenje, nayamba kusimba mmodzimmodzi.

Mwamuna wa Ndaziona anapita nawo. Ndaziona anatsala m'nyumba atatseka chitseko. Mphepo inkabweretsa nyimbo, nthawi zina kuseka kwa khamu lonse. Kusekako n'kumene kunkamupweteka kwambiri. Mumtima ankati, "Manda ndili nawo ine, koma bambo anga akadali nawo iwo." Kawiri konse anavala nsapato. Manyazi anamubweza pachitseko.

Dzuwa litapendeka, mwamuna wake anabwera nakhala pambali pake. Anamuuza za mphunzitsi wina amene, ali wamng'ono, dokotala anamuwolotsa mtsinje wosefukira atamubereka kumsana. Anamuuza za mayi wina amene mwana wake anachira ndi magazi a dokotala yemweyo, pamene achibale onse anachita mantha kupereka awo.

Kenako anati, "Ndipo pafupifupi aliyense anatchula inu."

"Ine?"

"Akuti mwana akamakana mankhwala, bambo ankaseka, n'kumati, 'Makani ngati a Ndaziona wanga.' Akuti mutakhoza mayeso, anayenda midzi itatu akuuza aliyense, ngakhale odwala. Kuseri kwa phiri kuli atsikana atatu otchedwa Ndaziona. Amayi awo akuti dzinalo analizolowera pakamwa pa dokotala. Anabwera nawo lero kuti muwaone."

Ndaziona anagwira mkono wa mwamuna wake. "Anatinso chiyani? Ndiuzeni zonse."

"Sindinasunge zonse, akazi anga. Zinali zambiri."

"Tiyeni tipite, ndikamve ndekha."

"Anthu apita kale. Amafuna akafike kwawo kusanade."

Apo m'pamene Ndaziona analira bambo ake koyamba. Pambuyo pake anayenda m'midzi, nafunsa uyu ndi uyo, namvako pang'ono. Koma khamu ngati lija silinasonkhanenso, ndipo okalamba ena amene analankhula tsikulo anamwalira iye asanawapeze.

Inu amene mukumva fanizoli, musafulumire kumuweruza mayiyu. Dandaulo lake linali loona: mwana amafuna bambo ake pakhomo, ndipo inu otumikira anthu muzikumbukire zimenezo. Koma taonani chimene nsanje inamuchita. Munthu wabwino akamwalira, mbiri yake sikhala mumtima umodzi. Imakhala yomwazikana, pang'ono kwa uyu, pang'ono kwa uyo. Anthu aja ankabwera kudzamubwezera bambo ake, iye n'kuwatsekera chitseko. Tsono mukaona ena akulira munthu wanu, musawerenge misozi yawo ngati kuba. Apatseni pokhala, ndipo muwafunse zimene akudziwa akadali pafupi.