Nkhata Pansi pa Chitseko cha Galimoto

Panali munthu wina amene ankaweta nkhuku za mazira. Anali ndi galimoto yakale, ija yokhala ndi chitseko chachikulu kumbuyo, chotsegukira m'mwamba. M'mawa uliwonse ankasanja mathireyi a mazira kumbuyoko n'kuyamba kuzungulira m'magolosale, mkazi wake Nachisale ali pampando wakutsogolo.

Chitseko chotere sichiima chokha. Chimakankhidwa ndi timipope tiwiri tachitsulo tokhala ndi mpweya mkati, timene amakaniko amati mashoko. Shoko iliyonse imagwira pa kamutu kachitsulo, kakang'ono ngati nzama, kolumikizidwa kuthupi la galimoto. Tsiku lina dzimbiri linamaliza ntchito yake, kamutu ka kumanzere kanazuka pamodzi ndi kachibenthu ka lata, shoko n'kutsala lendelende. Inzake ya kumanja inayesetsa, koma payokha sinkatha. Ukakweza chitseko n'kuchisiya, chinkayamba kutsika pang'onopang'ono ngati chikuganiza kaye, kenako chinkangoti phi.

Munthu uja anachotsa shoko yolendewerayo n'kuiponya pansi pa mpando pamodzi ndi kamutu kake. Anati akakonzetsa Loweruka. Loweruka linafika, linapita, linabweranso. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Poyamba ankachirikiza chitseko ndi mpini wa khasu. Mpini unagwira ntchito mpaka tsiku limene kunawomba mphepo, unaterereka, chitseko n'kugwera mathireyi amene anali m'mphepete. Munthu uja analira mazirawo ngati wagweredwa maliro, chakudya osachikhudza. M'mawa mwake atafika pa golosale yoyamba, Nachisale anatenga kansalu, anapota nkhata, naiika pamutu, naima pansi pa chitseko. Mutu unasenza chitseko, manja akupatsira mathireyi kwa mwamuna wake. Zinayenda bwino kwabasi. Mpini suona ndipo sumva, koma munthu amaiona mphepo ikubwera, amadziwa kusuntha phazi. Kuyambira tsiku limenelo sipanaswekenso dzira, ndipo nkhani ya Loweruka inafera pomwepo.

Mundimvetse bwino. Munthuyu sanali wankhanza, ndiye musafulumire kumuyesa chilombo kuti inuyo muoneke oyera. Mkazi wake ankamukonda. Anali atakhala zaka zingapo m'banja popanda mwana, pakuti Nachisale anali atapita padera kawiri, ndipo kawiri konseko mwamunayo anakalirira kukhola la nkhuku kuti anthu asamuone. Tsono Nachisale atatenganso pakati, mantha analowa m'nyumbamo ngati mlendo wosadziwa kutsazika. Kusikelo anamuuza kuti asanyamule zolemera. Mwamunayo anamva ndipo anachitapo kanthu. Anamulanda ndowa n'kumakatunga yekha madzi kumjigo, azimayi akumuseka. Anamuletsa kusinja, anamuletsa kukhudza thumba la chakudya cha nkhuku. Ngakhale mathireyi anati azipatsira imodzi imodzi. Kwa anzake ankadzitama kuti kwake mayi sagwira ngakhale tsache.

Koma chitseko sanachiwerengere. Kwa iye katundu ndi chinthu chimene munthu amachinyamula kuchoka apa kupita apo. Mkazi wakeyu sankapita kulikonse, ankangoima, nanga kuima n'kunyamula? Chitsekocho iye mwini ankachikweza ndi manja tsiku ndi tsiku, kamphindi chabe, mpaka mutu wa mkazi wake ulowe pansi, ndiye ankati kulemera kwake akukudziwa. Nachisale nayenso sananene kanthu. Madzulo ankadzisisita khosi ndi msana, akafunsidwa n'kuyankha kuti ndi mmene pakati pamachitira. Ankaopa kuti akanena, mwamuna wake azimusiya pakhomo tsiku lonse, yekhayekha ndi maganizo ake. Maganizowo ankamuopsa kuposa chitseko.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Uwu unkasenza, pa golosale iliyonse, mimba ikukulirakulira.

M'mawa wina anaima pa golosale ya mayi wina wachikulire amene ankawagula mazira kuyambira kale. Munthu uja analowa ndi mathireyi, n'kupeza amuna akukangana za mpira wa dzulo lake. Iyenso anali ndi maganizo ake pa nkhaniyo, ndipo sakanatuluka asanawanene. Kunja Nachisale anamva chinthu chikukoka m'chiuno, kukoka kumene ankakudziwa kale. Anafuna kukhala pansi. Anayang'ana mathireyi amene anali m'mphepete, anakumbukira nkhope ya mwamuna wake tsiku la mpini lija, ndipo anaimabe. Anaitana chapansipansi, koma wailesi ya m'golosale inameza mawu ake.

Amene anamuona ndi mwini golosale uja, atatuluka kukataya madzi. Anaona kamzere ka magazi katatsika mpaka pachidendene. Anaponya beseni pansi n'kuitana pakhomo.

"Bambo inu, siyani mpirawo. Taonani mkazi wanu."

Munthu uja anatuluka akuthamanga. Anafika Nachisale akuyamba kugwa, anamuwakha m'khwapa ndi manja onse awiri, ndipo chitseko chinatera pamutu pa iye mwini. Analibe nkhata. Kuti achikankhe, manja analibenso, onse anali pa mkazi wake. Mayi uja anali atalowa kukatenga nsalu ndi kuitana anthu. Choncho anangoima pamenepo. Sinali nthawi yaitali ayi, koma chitsulo chinamudya pa liwombo, khosi linayamba kunjenjemera, ululu unatsika ndi msana mpaka kukafika m'chiuno. Unafika pomwe mkazi wake ankadzisisita madzulo aliwonse. Ali chomwecho anamva Nachisale akunong'ona pachifuwa pake.

"Samalani, bambo. Chingagwere mazira."

Anthu anabwera, anakweza chitseko, anamukhazika Nachisale pampando. Mayi uja anatseka golosale yake n'kukwera nawo. Kuchipatala namwino anafunsa ngati mayiyu amanyamula zolemera kunyumba. Pakamwa pa munthu uja panali patazolowera, ndiye anayankha kuti ayi, ngakhale ndowa sagwira. Atangotero, dzanja lake linapita lokha pakhosi. Namwino anamuuza kuti adikire panja. Mwini golosale analowa ndi wodwalayo, atalonjeza kuti chilichonse chikachitika aimba foni.

Anakhala pakhonde, khonde lomwelo limene anakhalapo kawiri kale. Ankadziwa mmene namwino amayendera akamabwera ndi nkhani yoipa, ndipo namwino aliyense wodutsa ankaoneka ngati akuyenda choncho. Anayesa kupemphera, mawu anakana. Anatulutsa foni, anaibweza m'thumba, anaitulutsanso. Mantha atamukulira anapita kukakhala m'galimoto, ndipo phazi lake linagunda chinthu. Inali shoko ija. Liwiro la panjira linali litaigubuduza kuchoka pansi pa mpando. Anawerama, anafufuza, anapezanso kamutu kake. Anakaika pachikhatho n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kanali kakang'ono zomvetsa manyazi.

Kunja kwa mpanda wa chipatala kunali mmisiri wowotcherera zitsulo, amene ankakonza mawilibala ndi mafelemu a mawindo. Munthu uja anapita ndi galimoto kumeneko. Anatsitsa mazira onse n'kuwaika pansi, padzuwa, osayang'ana n'komwe ngati angapondedwe. Mmisiriyo anaika pa njerwa kapu ya tiyi amene ankamwa, anayang'ana, nati shoko ilibe vuto, pangoonongeka pogwirira. Anati apala dzimbiri, aika chigamba cha chitsulo, awotchererapo kamutuko. Anatola thabwa kuti achirikize chitseko.

"Lisiyeni thabwalo," anatero munthu uja. "Ndiima ine."

Mmisiri anamuyang'ana modabwa. Anangoti ngati aima, agwirenso chigambacho ndi pulayala, atembenukire kumbali kuopa maso, ndipo asagwedezeke. Munthu uja analowa pansi pa chitseko, mutu wopanda nkhata. Moto unayamba kuthetheka, timakala tikumugwera pamkono.

Pomwepo foni inalira m'thumba.

"Musagwedezeke, bambo, chitsulo chisanagwirane," anatero mmisiri.

Foni inalira mpaka inaleka yokha. Munthu uja anadzifunsa ngati wonyamula nkhani yabwino amaimba kamodzi kapena kawiri. Asanapeze yankho inayambanso. Thukuta linamulowa m'maso. Khosi linkanjenjemera, koma dzanja logwira pulayala analiumitsa. Anaganiza za m'mawa uliwonse umene mkazi wake anaima chonchi, iye akuseka ndi eni magolosale, akudikira kuti nyimbo ya pa wailesi ithe kaye. Mtima unamuwawa kuposa khosi.

Mmisiri anazimitsa makina, anathirapo madzi, anabweza shoko pa kamutu n'kuikankha mpaka inalira kha. Anamuuza kuti achokepo. Munthu uja anatuluka chowerama, dzanja lili m'mwamba, osakhulupirira. Chitseko chinaima chokha. Mmisiri anabwerera ku tiyi wake pa njerwa paja, ndipo tiyiyo anali akadali wofunda.

Pamenepo m'pamene anaimba. Mayi wa golosale anayankha msanga.

"Munali kuti? Kamtima ka mwana akamva, kakugunda. Koma mayi satuluka. Akuti agone konkuno mpaka nthawi yake."

Munthu uja anakhala pansi pakati pa mathireyi ake, nalira anthu akuona.

Ndisakunamizeni. Kuwotcherera kuja sikunapulumutse mwana. Mwana anapulumuka ndi chisomo ndi manja a anamwino, ndipo alipo ena amene anaima pansi pa zitseko zawo, foni n'kubwera ndi mawu ena. Miyezi yotsalayo munthu uja anaiyenda ndi mtima uli m'malere, akuzungulira yekha m'magolosale, foni ikangolira n'kuimitsa galimoto pambali. Koma nthawi inakwana, ndipo Nachisale anabereka mwana wamkazi.

Tsiku lotuluka m'chipatala anafika pa galimoto ndi katundu wawo, beseni, zikwama ndi mapoto. Mayi wa golosale uja anabwera kudzawachingamira, ndipo ndi iye amene ananyamula khanda. Munthu uja anakweza chitseko n'kutembenuka kuti atole beseni. Pocheuka anapeza Nachisale atatenga kale kansalu, atapota nkhata, ataiika pamutu, ataima pamalo pake. Palibe anamutuma. Miyendo yake inali isanalimbe, koma anali atakunga khosi, akudikira kuti chitsulo chitere.

Sichinatere. Anadikirabe. Kenako anakweza maso n'kuona mpata pakati pa nkhata ndi chitseko.

"Munakonzetsa?"

"Ndinakonzetsa. Tsiku lomwe lija."

"Zinali zovuta?"

Munthu uja anafuna kunena kuti inde. Akanakonda zikanakhala zovuta. Anayang'ana pansi.

"Ayi, Nachisale. Sizinali zovuta."

Nachisale anatula nkhata ija, anaimasula, anaikutumula, n'kufunditsa mwana wake.

Tsono inu amene mukundimva, mukafika kwanu mukayang'ane. Musakafufuze chimene chagwa, pakuti chakugwa aliyense amachiona. Mukafufuze chimene chinathyoka kalekale koma chikuimabe, ndipo mukadzifunse kuti waima pansi pake ndani. Mwina ndi mkazi wanu. Mwina ndi mwana wanu wamkulu amene analeka sukulu kuti alere ang'ono ake, mwina ndi mayi anu okalamba. Sakuuzani, chifukwa akusamala mazira anu. Inu mumati mukukudziwa kulemera kwake popeza mumachikhudza ndi manja podutsa, koma kukweza ndi kusenza n'zosiyana. Musadikire kuti chikutereni pamutu tsiku limene manja anu onse agwira munthu amene akugwa. Kamutu kake kali pansi pa mpando wanu, ndipo Loweruka lija munkanena ndi lero.