Makasu Amene Anapita Kumaliro

Kalekale, makasu asanayambe kugulidwa m'sitolo, kunali munthu wina wosula zitsulo. Dzina lake anali Chikadza. Zimitsa kaye injini ya chigayo chakocho, mwanawe, ndisamachite kukuwa. Khala apa umve.

Chikadza anachokera kutali, kuseri kwa mapiri. Anabwera ndi mkulu wake Sankhulani, munthu wolumala miyendo. Anapempha malo m'mudzi wa eni, ndipo eniwo anawapatsa. Anamanga chipala chawo chosulira zitsulo pamenepo. Chikadza ankamenya nyundo. Sankhulani ankakhala pansi n'kumakoleza moto ndi mvukuto.

Makasu ake, ayi ndithu, anali makasu. Khasu limodzi ankalimira mayi, n'kudzalimiranso mwana wake. Anthu ankabwera ndi nkhuku, ankabwera ndi malichero a mapira. Abale awiriwo analibe munda. Chakudya chawo chonse chinkachokera pachipalapo.

Koma Chikadza sankafuna zolankhula. Anthu akaima kuti aonerere, iye ankati akumutayitsa nthawi. Anamanga mpanda wa bango kuzungulira chipala, n'kusiya kabowo kamodzi. Munthu ankalowetsa nkhuku pakabowopo, khasu n'kutulukira pomwepo. Moni ayi, zikomo ayi.

M'mudzi mukagwa maliro, aliyense ankasiya ntchito. Koma nyundo ya Chikadza inkangolirabe, anthu akulira kusiwa. Sankhulani zinkamuwawa. Ankamuchonderera kuti apite, akakhale nawo pansi, akapepese.

"Mng'ono wanga, ine ndikanakhala ndi miyendo, sindikanakutuma."

Chikadza ankatenga khasu latsopano, n'kulitulutsira pakabowo kwa munthu wodutsa.

"Kapatseni adzukulu okumba manda. Muwauze kuti khasu landipitira."

Maliro ena, khasu landipitira. Ukwati, khasu landipitira. Mlandu pabwalo, khasu landipitira. Zaka khumi zinatha chomwecho. Iye mumtima ankati ndine munthu wopatsa.

Kutsidya kwa mtsinje kunali wosula wina, dzina lake Kamtedza. Makasu ake anali ongoyesera, ena okhota. Koma chipala chake chinalibe mpanda. Ankauza aliyense kumene amakumba miyala ya chitsulo, mmene amaiwotchera, ndi zimene zamuvuta sabata imeneyo. Anthu ankamuseka kuti pakamwa pake pamagwira ntchito kuposa nyundo yake. Ankamuseka, koma atakhala pomwepo.

Chaka china dzenje limene onse awiri ankakumbamo miyala linagumuka. Onse anakatenga miyala kwina. Miyalayo inkaoneka bwino, koma inali yoipa. Makasu anasulidwa, anagulidwa, analowa m'nyumba za anthu.

Tsiku lina Chikadza anayesa khasu limodzi pachitsa. Linangoti thyo! Anayesa lina. Thyo!

Sankhulani anasiya mvukuto. Anamuuza kuti nthawi idakalipo, anthu sanayambe kupanga mizere. Apite khomo ndi khomo, akanene zoona, makasu abwerere asulidwenso.

Chikadza anatuluka mumpanda. Anaima pamphambano. Njira iyi ikupita kwa yani? Njira iyo ikupita kwa yani? Sanadziwe. Amene anagula makasu atsopano ndi ati? Sanadziwenso. Zaka zonsezo ankangoona manja pakabowo, nkhope ayi. Manyazi anamugwira, mantha anamugwira, anabwerera.

"Achimwene, mwina makasu oipa ndi awiri okhawa."

Sankhulani anangowerama.

Kamtedza naye anaona zomwezo. Tsiku lomwelo ananena pachitsime, ananena pamowa, ananena kwa aliyense wokumana naye. Anthu a kutsidyako anamukalipira ndithu, osati pang'ono. Koma ankamudziwa. Anafukula makasu akale, ndipo amuna ena anamuperekeza kukafuna miyala yabwino.

Kuno, nthawi ya mizere inakwana. Nthaka inali gwa. Khasu ili thyo, khasu ilo thyo, mudzi wonse. Kachitsulo kena kanathethekera m'diso la mayi wina, Nankhoma, diso n'kufa. Anthu anathamangira kwa Kamtedza, koma iye anali asanamalize makasu a kwawo. Mvula inagwa, inapeza minda ili theka.

Anthu anabwera pakabowo. Anaodira, anaitana, anafunsa. Chikadza anali m'katimo, akumva zonse. Anatenga udzu n'kutseka kabowo.

Ukundimva, mwanawe? Anatseka.

Iye atakhala chete, mudzi unayamba kumulankhulira. Wina anati wachita dala kuti tigulenso. Wina anati nanga mpanda uja amabisamo chiyani. Wina anati mvukuto wake ndi wa chikopa cha munthu. Kenaka kunabwera mawu oipa kuposa onse: akuti mkulu wake uja sanabadwe wolumala, anachita kumulumalitsa yekha ndi mankhwala kuti alemere.

Mawuwo analowa mumpanda. Sankhulani analira ngati mwana. Iye analumala ali wamng'ono, ndipo Chikadza ndi amene anamubereka kumsana kudutsa naye mapiri onse aja. Koma ndani ankadziwa zimenezo? Sanauzepo munthu.

Pamenepo Chikadza anati basi, ndipite. Anapita kubwalo anthu atasonkhana. Agalu a m'mudzi momwe anakhalamo zaka khumi anamuuwa ngati mlendo. Palibe anamusunthira pokhala.

Analankhula chiimire. Ananena za dzenje logumuka. Ananena za miyala yoipa. Ananena kuti adzasulanso makasu onse popanda nkhuku. Zonsezo zinali zoona, mwanawe, panalibe bodza ngakhale limodzi.

Anafuna kupepesa kwa mwamuna wa Nankhoma. Anatchula dzina limene ankalimva kale pakabowo. Mwini dzinalo anali atamwalira zaka zitatu zapitazo. Pamaliro akewo ndi pamene khasu linamupitira.

Mkulu wina anafunsa ngati alipo amene anaonapo m'kati mwa mpanda uja, woti aikire umboni. Anthu anangoyang'anana. Analipo mmodzi yekha, ndipo analibe miyendo yofikira pabwalo.

Nankhoma anaimirira, nsanza ili kudiso.

"Bambo, mawu anuwa ndi abwino. Koma ife mawu anu tikuwamva koyamba lero. Tidziwa bwanji mmene mumamvekera mukamanena zoona, ndi mmene mumamvekera mukamanama?"

Chikadza anabwerera yekha.

Anapeza miyala yabwino. Anasula makasu abwino kuposa akale. Anawapachika pampanda kuti aliyense atenge. Makasuwo anachita dzimbiri pomwepo. Anthu ankawoloka mtsinje kukagula makasu okhota a Kamtedza.

Nkhuku zinatha. Mapira anatha. Chaka chimenecho zokolola zinali zochepa, ndipo aliyense akayang'ana nkhokwe yake ankakumbukira amene anachititsa. Panalibe khomo loti Chikadza n'kukapemphapo. Moto wa pachipala unazima. Sankhulani anaonda, anadwala, ndipo m'mawa wina sanadzuke.

Chikadza anagwetsa mpanda wonse ndi manja. Analira mokweza kuti mudzi umve. Mudzi unamva. Anayala mphasa pabwalo la nyumba, n'kukhala pansi kudikira.

Dzuwa linakwera. Palibe anabwera.

Dzuwa lili pamutu, kunatulukira mayi wina. Sanakhale pamphasa. Anaika pansi khasu lothyoka.

"Amuna anga akuti khasu lawapitira."

Anatembenuka, napita. Kunabwera wina. Khasu lawapitira. Kunabweranso wina. Khasu lawapitira. Khomo lililonse linatumiza lake. Pamphasa zija panadzaza makasu, munthu ayi. Kamtedza akanabwera, koma anamva patapita masiku anayi, poti panalibe wonyamula uthenga.

Chikadza anakumba manda yekha. Anamubereka mkulu wake kumsana, monga anamuberekera pobwera. Anamuika yekha, anakwirira yekha. Atatha, anatsata njira ya kumapiri. Palibe anamufunsa kumene akupita, ndipo palibe akudziwa kumene anathera.

Nkhani imeneyi imandiwawa, mwanawe, chifukwa Chikadza sanali munthu woipa. Anangoganiza kuti ntchito yabwino imukwanira. Anadikira tsiku la tsoka kuti ayambe kulankhula, ndipo tsiku limenelo makutu a anthu amakhala atadzaza kale ndi za ena.

Iwe wamanga mpanda wa njerwa pachigayo pano. Wasiya kawindo kolandirira matumba. Maliro a dzana unatumiza ufa, iwe osaoneka. Ufa wako ndi wosalala, ndikuvomera. Koma makina amawonongeka. Lidzafika tsiku mwana wa munthu adzatafuna kachitsulo mu ufa wogayidwa pano. Tsiku limenelo ndani adzaimirire pabwalo n'kunena kuti uyu ndimamudziwa? Lankhula nawo lero, zinthu zili bwino. Alowe aone mmene umagwirira ntchito. Uwadziwe mayina.

Koma ndikuona maso ako ali pa injini. Chikadza naye ankamvera mkulu wake chomwecho, maso ali pa nyundo.

Kalize chigayo chako. Nthano yanga ndaitula, yathera pomwepa.