Mmene Lilime la Chikadza Linafera

Kalekale, makasu akadali osula pamanja, kunali mudzi wina m'mphepete mwa dambo. Mwati tili tonse? Mawu ofooka chonchi ngati simunadye! Chabwino, senderani kuno mumve.

Anthu a m'mudzimo ankalimirana pa dima. Mwini munda ankafulula mowa, anzake n'kubwera ndi makasu, kulima tsiku lonse, kenako n'kukhala pansi kumwa. Koma anali atapusitsidwapo kambiri. Munthu kulima mpaka msana kuuma, mowa wake n'kupezeka wosasa! Ndiye anaika lamulo. M'mawa, khasu lisanagunde pansi, munthu mmodzi azilawa mowawo. Akati "Wapsa!" onse kumunda. Akati "Wasasa!" onse kwawo. Ndipo wolawayo akalimitsa anthu pa mowa woipa, mbiya yonseyo azimwa yekha.

Wolawa wake anali Chikadza, mwamuna wa kutsidya kwa dambo. Lilime la munthu ameneyu, ana inu, linali lodabwitsa. Akangonyambita chipanda ankadziwa chitsime chimene anatungako madzi. Ankadziwa ngati chimera anachiyanika pathanthwe kapena pamphasa. Koma mtima wake unali woipa, ndisakubisireni. Ine mpaka lero ndikamatchula dzina lake malovu amandiwawa.

M'mudzimo munalinso mayi wamasiye, dzina lake Nakwenda. Anali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kotchedwa Mwatitha. Chikadza anapita kukamufunsira.

"Nakwenda, ndilowe m'nyumba mwako."

"Pepani a Chikadza, misozi ya malemu sinaume."

Anabweranso.

"Nakwenda, ndilowe m'nyumba mwako."

"Ndakana."

Anabwera kachitatu.

"A Chikadza, ndati ndakana!"

Chikadza anangoseka. "Chabwino. Tikumana pa dima."

Chaka chimenecho Nakwenda anakokota mawere onse m'nkhokwe, otsiriza enieni, n'kufulula mowa. Ankati munda ukalimidwa, iye ndi mwana wake apulumuka. M'mawa wa dima kunabwera makasu makumi atatu. Chikadza anatunga chipanda. Anamwa. Anatsinzina, kholingo n'kukwera n'kutsika, mezu! Nakwenda anaona ndi maso ake kuti munthuyo wameza ndipo wamva kukoma. Chikadza anamwanso kachiwiri, n'kulavulira pansi.

"Ptu! Wasasa!"

"A Chikadza, talawaninso!"

"Ndati wasasa!"

"Inu anthu, talawani nokha! Chonde, talawani!"

Koma ndani akanatsutsa lilime la Chikadza? Makasu paphewa, mmodzimmodzi, onse anapita. Zitsiru! Anthu makumi atatu, malilime makumi atatu, popanda ndi mmodzi yemwe woti ndilaweko.

Nakwenda analima yekha. Analima, analima, analima. Mvula inamupeza ali ndi mizere yowerengeka. Mawere oti akanadya anali atathera m'mbiya, ndiye njala inalowa m'nyumba. Mwatitha ankangoti, "Amayi, m'kamwa mukuwawa." Tsiku lina anasiya kunena. Chimanga chisanache, anakamuika.

Nakwenda sanalire mokweza. Anthu atabalalika, anatsala pamanda, n'kugwira dothi ndi dzanja.

"Mwanawe, lilime lakuphali ndilipha ndine."

Atabwerera kunyumba anabzala kambuzi kuseri, tsabola uja wonunkhira bwino koma woluma ngati mavu. Anamuthirira, anamupalira, anamudikira. Kambuzi atapsa, Nakwenda anakumana ndi Chikadza panjira ya kuchitsime, n'kugwada.

"A Chikadza, ndinali wopusa. Nyumba yopanda mwamuna ndaiona kuwawa kwake. Bwerani."

Chikadza anakondwa mpaka mano onse pamtunda. Anapinda mphasa yake, anatenga khasu lake, anawoloka dambo. Paja mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi. Anakhala mkamwini, munda wa Nakwenda n'kukhala munda woti azidyako.

Tsiku loyamba Nakwenda anaphika nkhwani wotendera, n'kuponyamo kambuzi mmodzi.

"N'chiyani chikununkhira chonchi?"

"Ndi kambuzi, bambo. Ndaika pang'ono. Amuna ambiri samutha."

"Amuna ambiri? Ine ndine Chikadza! Onjezera!"

Mawa lake anaika awiri.

"Wakuwawani, bambo? Ndichepetse?"

"Onjezera!"

Mkuja anaika anayi. Thukuta kamukamu, misozi chuchuchu, mamina osaneneka.

"Ndichepetse, bambo?"

"Onjezera!"

Komanso chilichonse ankamupatsa chochokera pamoto pomwepo. Phala likadali kubwata, mbatata ikadali kufuka utsi. "Idyani msanga, bambo, zikazizira sizikoma." Lilime linasupuka, n'kupola, n'kusupukanso. Mwezi unatha. Wina unatha. Wina unathanso.

Tsiku lina Nakwenda anaphika ndiwo zopanda mchere. Chikadza anadya osadandaula. Tsiku lina anamupatsa bwemba wosapsa. Anatafuna osakwinya nkhope. Tsiku lachitatu anafinyira ndulu ya mbuzi m'ndiwo.

"Zakoma, bambo?"

"Zakoma kwabasi!"

Nakwenda anatuluka, anapita kuseri kuja kuli kambuzi, anaseka mpaka misozi. Kaya kunali kuseka, kaya kunali kulira, ine sindidziwa. Chikadza mwini wake ankadziwa kuti zonse zayamba kumveka ngati madzi m'kamwa mwake, koma anabisa. Nanga Chikadza wopanda lilime akanamuitananso ndani?

Nyengo ya dima inafika. Nakwenda anati, "Bambo, munda wathu ndi waukulu. Tifulule." Chikadza anakatapa mawere m'nkhokwe yake ya kutsidya, madengu atatu. Nakwenda anafulula mbiya ziwiri. Imodzi anaibisa m'nyumba, n'kuifunditsa chikopa. Inayo anaisiya padzuwa mpaka inasasa, kenako n'kufinyiramo ndulu za mbuzi ziwiri.

M'mawa kunabwera makasu makumi atatu, omwe aja. Chikadza anatunga chipanda. Anamwa. Madzi. Anamwanso. Madzi. Anayang'ana anthu, anthu akumuyang'ana. Anayang'ana mkazi wake, mkazi wake akumwetulira.

"Wapsa!"

Makasu anagunda pansi. Analima, analima, analima. Dzuwa linafika paliwombo akulima. Linapendeka akulima. Munda wonse wa Nakwenda unatha, kuyambira pachulu mpaka kudambo. Anthu anakhala pansi pa mtengo, kukhosi kuli gwa. Mkulu wina, a Msokera, ndiwo anayamba kumwa.

"Ptu! Mayo ine! Ndulu!"

Wachiwiri anamwa. "Ptu!"

Wachitatu anamwa. "Ptu! Watipha!"

A Msokera anaimirira. "Iwe Chikadza, m'mawa uja unati chiyani?"

"Ndinati... wapsa."

"Wapsa? Ndiye imwa. Lamulo ukulidziwa."

Anamugwira manja. Chipanda choyamba, anamwa. Chachiwiri, anamwa. Lilime silinamve kanthu, koma mimba, ana inu, ilibe ulemu. Anasanza, anamupatsanso. Anasanza, anamupatsanso. Anapempha madzi, anamupatsa chipanda. Palibe anamumvera chisoni, ndipo ine ndikanakhalapo ndikanathandiza kutunga.

Mbiya itatsala pang'ono kutha, Nakwenda analowa m'nyumba, n'kutulutsa mbiya ina ija. Anaikhazika pakati pa anthu.

A Msokera anafunsa, "Nanga uwu atilawire ndani?"

"Lawani nokha. Malilime muli nawo."

A Msokera anamwa mwamantha. Anatsinzina. Mezu! Chipanda chinayenda, aliyense mezu, aliyense mezu.

"Mayi, mowa wotere sitinamwepo!"

"Mukanamwa chaka chatha," anatero Nakwenda. "Ndi womwewu. Manja omwewa, chitsime chomwecho. Munthu uyu anameza ine ndikuona, kenako n'kulavula chifukwa ndinamukana. Ndinakupemphani kuti mulawe. Munanyamula makasu. Mwana wanga ali kumanda."

Amuna akuluakulu mitu pansi, chipanda chili m'manja, osatha kumwa, osatha kuchiika pansi.

Nakwenda analowanso m'nyumba. Anatuluka ndi mphasa ndi khasu, n'kuziponya pamene Chikadza anagona akubuula.

"A Chikadza, munda wanga walimidwa. Ntchito yanu yatha. Wolokani dambo."

Chikadza anawoloka chokwawa. Sanafe ayi, imfa ikanamuchitira chifundo. Anakhala mpaka imvi mbuu. Uchi ankaumva ngati madzi, nyama ngati chiguduli, ndipo pa dima sanamuitanenso.

Tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, Nakwenda anatunga chipanda chimodzi m'mbiya yabwino ija. Anayenda yekha mpaka kumanda. Anagwada, n'kuthira mowawo padothi pang'onopang'ono.

"Lawa, mwanawe. Wapsa."

Nthano yanga ndaitula pamenepa. Phulani mbatatazo zisanapserere, koma muziuzire kaye, mungasupuke malilime. Ndipo wina akadzakuuzani kuti cha mnzanu n'chowawa, mudzayambe mwalawa nokha.