Khomo Limene Layisoni Ankalilambalala

Panali mnyamata wina dzina lake Layisoni, wa m'mudzi wina ku Ntchisi, amene anasankhidwa kupita ku koleji ya zaulimi. Mutu anali nawo, pamenepo tisamunamizire. Koma analinso ndi matama, ndipo matamawo ankaposa mutuwo.

M'chaka choyamba munali phunziro la nthaka. Phunziro limeneli silinkathera m'kalasi. Sabata iliyonse ophunzira ankavala jombo n'kupita kumunda wa koleji, kuseri kwa khola la ng'ombe. Kumeneko ankakumba maenje, kutapa dothi, kulinyowetsa ndi kulifinya m'manja kuti adziwe mtundu wake ndi mbewu imene ingachite bwino pamenepo. Layisoni anapitako kamodzi kokha.

"Ine ndinabadwira pakhasu," ankatero. "Ndithawe dothi kwathu kuti ndidzalipezenso kuno?"

Ndiye anzake akamapita kumunda, iye ankatsala m'chipinda, miyendo pakhoma, wailesi ikulira. Mayeso atafika anapeza timbale ta dothi tili ndandanda patebulo, ndipo funso lililonse linkafuna zimene zinaphunzitsidwa kumunda kuja. Analephera. Masamu nawo, amene ankawaona ngati a ana, anamugwetsa. Koleji inamupatsa mwayi wolembanso, mayeso aja ophunzira amawatcha sapu. Analemba mothamanga, n'kutuluka akuimba likhweru, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti zatheka.

Chaka chachiwiri chinayamba zotsatira za sapu zisanatuluke. Tsono pakoleji imeneyo panali chizolowezi choipa chakuti ophunzira akale azizunza atsopano, amene ankawatchula kuti mayaro. Layisoni ndiye anali patsogolo. Anaima pakhomo la holo yodyera, manja m'thumba, n'kumalamula mayaro kuti amugwadire asanalowe. Panafika mtsikana wina watsopano, Enelesi, atavala chitenje ndi nsapato zapulasitiki. Layisoni anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Amayi, mwasochera. Kuno n'kukoleji, kogulitsa tomato n'kumsewu uko."

Anthu anafa nalo phwete. Enelesi anangowerama n'kudutsa, ndipo tsiku limenelo sanadye. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza.

Sipanapite nthawi, zotsatira zinatuluka. Layisoni anali atalephera maphunziro onse awiri. Mkulu woona za maphunziro anamuuza mosapita m'mbali kuti abwereze awiriwo pamodzi ndi a chaka choyamba, kwinaku akuchita onse a chaka chachiwiri. Akalepheranso ngakhale limodzi mwa obwerezawo, sukulu yathera pomwepo, alongedze azipita kwawo. Layisoni anatuluka mu ofesi ya mkuluyo. Anaganiza za mayi ake, amene anayenda mudzi wonse akululutira tsiku limene iye anasankhidwa, ndipo anachita mantha kwambiri.

Katundu anamukuliradi. Pamene anzake ankapuma, iye anali ndi kalasi. Nthawi zina makalasi awiri ankagwera ola limodzi, wina kumtunda wina kumunsi kwa koleji. Masamu anawapezera njira. Holo yake inali yaikulu, ndiye ankalowa mochedwa, kukhala kumbuyo kwenikweni chipewa chili kumaso, n'kutuluka mphunzitsi asanatseke buku. Koma phunziro la nthaka linalibe kumbuyo kobisala. Kumunda ophunzira ankagwira ntchito m'magulu, maso ndi maso, khasu limodzi kumalandirana. Ndipo onse a m'magulumo anali anthu amene iye anawagwaditsa pakhomo paja.

Tsiku loyamba la kumunda anavala jombo, n'kuyenda mpaka pakhola la ng'ombe. Atamva mawu awo akuseka, miyendo inakana. Anabwerera. Mumtima anati, "Ndiyamba sabata yamawa." Sabata yamawayo itafika anati mutu ukumupweteka. Inayo anati ali ndi ntchito ya chaka chachiwiri yofunika kupereka msanga, ndipo pamenepo sankanama, chifukwa ntchito inalipodi yambiri.

Tsono musaganize kuti Layisoni anakhala pansi n'kupinda manja. Ayi ndithu. Pakoleji yonse panalibe munthu wotanganidwa ngati iye. Ankadzuka m'mamawa anzake ali m'tulo. Chakudya ankadya choimirira. Anabwereka mabuku onse a nthaka amene anali mulaibulale n'kuwaunjika pabedi mpaka kusowa pogona. Akatsegula buku la nthaka, mtima unkati masamu akutsalira. Akatsegula la masamu, unkati nanga za chaka chachiwiri? Akakhala mulaibulale ankaona ngati kukutentha, akapita pansi pa mtengo ankati kuli phokoso, akabwerera kuchipinda makoma ankamupanikiza. Tsamba limodzi ankaliwerenga kangapo osatolapo kanthu. Anaonda, kolala ya malaya n'kuyamba kumukhwepa, ndipo mnzake wogona naye chipinda chimodzi anasiya kumuyankhula chifukwa ankangokalipa zilizonse.

Njira yochokera kuchipinda kupita kulaibulale inkadutsa pafupi ndi khomo la kumunda kuja. Layisoni anatulukira ina yozungulira kubwalo la mpira, yaitali kawiri, ndipo ankayenda imeneyo ngakhale mvula ikugwa. Akaona Enelesi akubwera kutsogolo, ankatulutsa foni n'kumayankhula ndi munthu woti palibe.

Anayambanso kupemphera kwambiri. Mapemphero a masana sankajomba. Analowa kwaya. Anasala kudya, n'kupempha anzake a m'gulu la mapemphero kuti amusanjike manja, mzimu wolephera umuchoke. Anamusanjikadi, ena mpaka thukuta. Ine sindikunyoza pemphero, abale anga, ndi ntchito yanga imeneyo. Koma ndikuuzeni zoona: kusala kudya n'kopepuka kusiyana ndi kupita kwa munthu amene unamunyoza. Layisoni ankatuluka m'mapempheromo mtima uli m'malo, koma akangomva fungo la khola la ng'ombe, mantha aja ankabweranso.

Tsiku lina masana, akuthamangira kalasi ina, anakumana pakhonde ndi mphunzitsi wa nthaka, Mayi Chimphamba. Anafuna kukhota koma panalibe pokhotera.

"Bambo Layisoni," anatero mayiwo, "mabuku anga onse akuti ali kwa inu. Nanga inuyo muli kuti?"

"Ndikuwerenga kwambiri, madamu."

"Dothi saliwerenga, amaligwira. Mawa gulu lililonse likukumba dzenje lalikulu. Amene sadzapezeka m'dzenjemo sadzalowa m'mayeso anga."

Anatero n'kumapita, osatembenuka. Layisoni anaima pomwepo mpaka kalasi imene ankathamangira ija inayamba popanda iye. Madzulo onse a tsikulo anangozungulira. Anapita kubwalo la mpira, osaona n'komwe amene akusewera. Anaganiza zokanena kuti akudwala, koma anadziwa kuti akuchipatala adzamuyeza. Anaganiza zongolongedza yekha asanamuthamangitse, akanene kumudzi kuti maphunziro a zaulimi sanamusangalatse. Anatsitsa ndithu chikwama pamwamba pa kabati n'kuchitsegula. Atachiyang'ana chili pululu, anaona nkhope ya mayi ake akumufunsa kuti, "Wabwera bwanji pakati pa chaka?" Apa m'pamene anazindikira kuti watsala pang'ono kutaya sukulu yonse, osati chifukwa cha kuuma mutu kapena kuchuluka kwa maphunziro, koma chifukwa choopa kusekedwa. Paja amati manyazi anapha lambe.

Kutacha anavala jombo. Anafika pakhola la ng'ombe, n'kuima. Anabwerera pang'ono, n'kuimanso. Ng'ombe zinkangomuyang'ana zikubzikula. Kenaka anatseka maso n'kunena pemphero lalifupi kuposa onse amene anapempherapo chaka chimenecho: "Ambuye, miyendo yokhayi." Ndipo analowa pakhomo paja.

Magulu anali atayamba kale kukumba. Mmodzi anamuona n'kugwira mnzake, mnzakeyo n'kugwira wina, mpaka makasu onse anaima.

"Taonani abwana athu!" anakuwa mnyamata wina. "Tigwade pompano kapena tidikire musambe kaye?"

Anaseka. Musaganize kuti sanaseke, anaseka mpaka ena kukhala pansi. Layisoni chilichonse m'thupi mwake chinkamuuza kuti athawe. Mayi Chimphamba sanamuthandize. Anangoloza ndi chibwano gulu limene linali loperewera munthu, ndipo mtsogoleri wa gululo anali Enelesi. Layisoni anayenda mpaka pamene mtsikanayo anaima, n'kuvula chipewa.

"Chemwali, ndinakulakwirani tsiku lija. Inu ndi anzanu onsewa. Pepani."



"Munatilakwiradi," anatero Enelesi. "Khasu ilo. Ife manja atopa."

Layisoni anatola khasu n'kudumphira m'dzenje. Kukumba ankakudziwa, pamenepo Ntchisi sinamunamize. Asanafike ndi m'mawondo momwe, kuseka kunali kutatha, aliyense wabwerera ku dzenje lake, chifukwa nawonso anali ndi mayeso owadikira. Chinthu chimene anachithawa miyezi yonse ija chinatha msanga kuposa nthawi yomwera kapu ya tiyi.

Atafika pofinya dothi, zinaoneka kuti mwana wobadwira pakhasu uja sankadziwa kanthu. Anatapa lapansi, n'kunena molimba mtima kuti ndi katondo weniweni. Enelesi anamuuza kuti alinyowetse, alipote ngati chingwe, kenaka ayese kulipinda. Linathetheka. Munali mchenga wambiri umene maso sankauona koma zala zinkaumva. Mabuku onse aja anali atanena zimenezi, koma zinamulowa tsiku limenelo, ali m'dzenje, matope ali m'zigongono.

Katundu sanachepe ayi. Maphunziro anali omwewo, makalasi ankagundanabe, ndipo masabata amene anajomba anamutayitsa malikisi amene sanabwererenso. Koma tsopano akakhala pansi ankakhazikika. Akatsegula buku limodzi, linalo linkadikira nthawi yake. M'kalasi ya masamu anasuntha kuchoka kumbuyo n'kukakhala pamene bolodi imaoneka, ndipo pomwe sanamve ankafunsa, ngakhale kwa mayaro omwewo. Pakutha pa chaka anakhoza nthaka ndi masamu, osati mwapamwamba, koma mongodutsa pang'ono pamzere. Phunziro limodzi la chaka chachiwiri linamupatsanso sapu, ndipo ulendo uno analemba mofatsa. Sukulu sanachotsedwe.

Abale ndi alongo, fanizoli ndi lathu. Ambiri a ife sitili aulesi pa zinthu za Mulungu. Tili m'kwaya, tili m'chigwirizano, kumaliro timafika oyamba, chopereka sitiiwala. Koma mtima sukhala pansi. Timasintha mpingo, timasintha mlaliki, timawonjezera masiku osala kudya, ndipo kulemera kuja kuli pomwepo. Timati mavuto atichulukira, ndipo mwina achulukadi. Koma chimene chikutitopetsa kwenikweni si katundu amene tasenza. Ndi ulendo wozungulira umene timayenda tsiku ndi tsiku polambalala malo amodzi amene tinagwera.

Mulungu salandira kutanganidwa m'malo mwa kulapa. Ntchito zabwino khumi sizilipira ntchito imodzi imene wakutuma iwe n'kuikana. Iye amakudikira pamalo pomwe unalakwira, pamaso pa munthu yemwe unamulakwirayo, ndipo chisomo chake chimayambira pamenepo, osati kwina kumene iwe wasankha chifukwa n'kosachititsa manyazi. Kodi munthuyo adzakuseka? Mwina adzaseka. Kodi zonse zimene unataya zidzabwerera? Mwina ayi. Koma udzagona tulo, ndipo zotsalazo udzazinyamula ndi mtima umodzi.

Pamene ndimayankhula, wina wa inu dzina lamubwerera m'mutu. Mwina ndi mlamu wanu, mwina ndi mayi wa nyumba yoyandikana nanu, mwina wakhala pa benchi lomwelo, mbali inayo. Musandiuze ine, sindine amene munamulakwira. Tikatseka mapemphero ano, musayambe mwapita kwanu. Nyumba yake mukuidziwa, ndipo dzuwa likadalipo.