Makatani a Limoti a Mayi Rozina

Ku Biwi, mukapitirira chigayo n'kulowa kanjira kafumbi kotsikira kudambo, pali nyumba ya mpanda wa njerwa imene aliyense amaitchula kuti kwa Mayi Rozina. Amuna awo, Bambo Greyson, alipo ndithu, koma nyumba imatenga dzina la amene anaikhetsera thukuta. Mayiwa anaimanga ndi miyendo yotupa ya m'mabasi a ku Joni, kumene ankakapikula mabulangete ndi mapoto odzagulitsa m'tauni.

Ulendo wina anabwera ndi katundu wosagulitsa, makatoni atatu aatali ngati nzimbe. M'katimo munali makatani amakono. Iliyonse inali nsalu yolimba yokulungidwa pa paipi, ndipo m'paipimo munabisala kamota ndi mabatire. Ukadina kalimoti uli khale pampando, nsalu inkatsika yokha mwakachetechete n'kutseka zenera. Ukadinanso, inkakwera.

Amene anawamangirira pa mazenera atatu a pabalaza anali Dumisani, bambo wina wokonza zamagetsi wa ku Kawale. Atamaliza anapukuta manja n'kunena kuti, "Amayi, awatu si aja ochapa. Madzi ndi adani awo. Muziwapukuta ndi kansalu kouma, fumbi la m'mbalimu muzichotsa ndi mswachi, ndipo akayamba kuyenda monyinyirika muziwatchaja."

"Achimwene," anatero Mayi Rozina, "ine ndachapa makatani kuyambira ndili mtsikana, zala izi zinapindika ndi kufinya. Awa ndagula kuti ndipume. Mukufuna ndiwalerenso ngati khanda?"

"Ine ndangonena, amayi."

"Mwanena, ndamva. Muyende bwino."

Mbiri inawanda Biwi yense. Anthu ankabwera ngati odzapempha mchere, chonsecho akufuna kuona nsalu yoyenda yokha. Neba wawo Fatu, mayi wogulitsa zitumbuwa amene pakamwa pake sipagona mawu, anaonerera kamodzi n'kuwomba m'manja. "Koma inu asisi mwafikapo! Mawa tidzamva kuti mwagula tsache losesa lokha." Mayi Rozina anaseka mokweza, chifukwa nsanje ya mnzako imakoma kuimva.

Koma fumbi la Lilongwe silichita odi. Mphepo ya mu Ogasiti inalitola pamsewu n'kulilowetsa m'ming'alu ya mazenera, Okutobala anabwera n'kudzawonjezera lake. Linakhazikika pansalu, linalowa m'mbali mwa mapaipi, ndipo palibe analifunsa. Makatani anayamba kukwera akubuula ngati nkhalamba yodzuka pamkeka. Mayi Rozina ankamva, n'kungokweza wailesi.

Ndiye kunabwera uthenga wakuti Loweruka kudzafika alendo. Mwana wawo wamkazi, Thandie, anapeza mnyamata wotchedwa Mwiza, wa banja la kumpoto lokhala ku Area 25, ndipo ankhoswe a mnyamatayo ankadzafunsira mbeta. Anthu oterewa sabwera kudzaona mtsikana yekha. Amayang'ana m'makona, amayang'ana nsalu za pamipando, n'kudziwa kuti mwana waleredwa m'manja otani. Mayi Rozina analumbira kuti akumpotowo sadzapeza pogwira.

Nyumba yolandira ankhoswe imasambitsidwa ngati mkwatibwi. Lachinayi m'mawa anakolopa, anapaka polishi pakhonde, anachapa chilichonse chotchedwa nsalu. Atatembenukira kumazenera, anaima n'kuyang'anitsitsa. Makatani aja, amene anabwera oyera ngati mkaka, tsopano anali ndi mtundu wa chulu. Anayesa kupukuta, koma fumbi la miyezi yonseyo linali litamera mizu. Anakwera patebulo n'kuchotsa katani ya zenera lalikulu ndi paipi yake yomwe.

Bambo Greyson anatsitsa nyuzipepala. "Amake Thandie, paja Dumisani anati chiyani za madzi?"

"Dumisani ndi wa mawaya. Za ukhondo azidziwira kuti? Nsalu ndi nsalu basi."

Mayi Rozina anaiyala pasimenti pochapira, anaithira ndowa za madzi a sopo, n'kuikwecha ndi bulashi mpaka thovu lofiira linayenderera kukafika kugeti. Tinene zoona, inayera. Itauma anaibwezera pamalo pake, anabwerera m'mbuyo manja ali m'chiuno, n'kudina limoti. Zii. Anadinanso, anaigogoda pachikhatho, anailozetsa pafupi. Nsalu inangoti lende, osasuntha.

Dumisani anafika Lachisanu m'mawa. Anachotsa paipi ija n'kuipendeketsa, ndipo madzi a sopo anachucha n'kugwera pansi ponyezimira paja.

"Iyi yamwa, amayi. Mota ina mpaka tiitanitse kunja. Ziwiri zotsalazi zili moyo, koma zatsamwa fumbi ndipo mabatire atheratu. Popanda kutchaja, mawa sizisuntha."

Tsoka silinunkha. Magetsi anali atazima dera lonse chim'mawa, ndipo palibe ankadziwa kuti abwera liti. Mabatirewo anali osachotseka, kotero kuti kutchaja kwina kunafunika kunyamula mapaipi athunthu. Mazenera atatu onsewo anayang'ana kumadzulo, ndipo alendo ankabwera masana, nthawi imene dzuwa limalasa pabalazapo ngati mkondo.

"Tichotse zonsezi," anatero Bambo Greyson. "Tikabwereke makatani kwa a Fatu. Alendowo adziwa bwanji?"

Mayi Rozina anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ine ndikagwade kwa Fatu? Alendo a mwana wanga adzakhala kuseri kwa nsalu zanga. Ndinazifuna ndekha, ndithana nazo ndekha."

Anamanga mapaipi awiriwo ndi chitenje, anapinda nkhata, n'kusenza. Mayi amene anthu anazolowera kumuona atakwera takisi, chikwama chili pamkono, tsiku limenelo anadutsa msewu wonse wa kumsika wapansi, dzuwa likuswa mtengo, katundu wautali akugwedera pamutu. Anyamata a kabaza sanamusiye.

"Amayi, nzimbezo mukugulitsa bwanji?"

"Mano anuwo sangazithe," anayankha osatembenuka.

Kumsika kunali wometa wina wokhala ndi sola padenga. Anavomera kulumikiza mapaipiwo pamene amatchajira mafoni. Mayi Rozina anakhala pabenchi pakati pa azibambo odikira kumetedwa, anatulutsa mswachi wakale, n'kuyamba kutokosa fumbi m'mbali mwa mapaipi, pang'onopang'ono, ngati akuchotsa matekenya. Kenako anafunyulula nsalu pamiyendo n'kumaipukuta ndi kansalu kouma, chikhatho ndi chikhatho, tsitsi la ometedwa likuwagwera kumapazi.

Fatu anatulukira ndi beseni lake la zitumbuwa, n'kuima. "Asisi! Kodi makatani oyenda okha aja lero ayenda pamutu?"

Azibambo aja anaphulika kuseka. Mayi Rozina anapemerera mswachi. "Ayenda pamutu wa mwini wake. Pamutu panupo pali chiyani? Ndipatseni ziwiri zotentha, ndili pantchito."

Fatu anawapatsa zitatu, n'kuima pomwepo kugwirizira nsonga ya nsalu kuti isakhudze pansi.

Loweruka alendo anafika atavala masuti ndi maduku owala. Amene anawatsogolera anali azakhali a Mwiza, a NyaGondwe, mayi wamtali wa magalasi amene maso ake anazungulira pabalaza ponse asanakhale n'komwe. Kumbali ya mtsikana kunali malume ake, a Pemphani, mlongo wawo wa Mayi Rozina. Monga mwa mwambo, make mwana anapereka moni n'kubwerera kukhitchini, makutu ali kukhomo.

Nkhani isanafike pakati, dzuwa linapendeka n'kulowa pa mazenera onse atatu. Mkulu wina wa alendowo anayamba kudzitchinga ndi chipewa, mawu ake n'kumasokonekera. A Pemphani anaitana, "Achemwali, dzuwatu likuzunza alendo kuno."

Mayi Rozina analowa, ananyonyomala mwaulemu, n'kudina limoti. Makatani awiri anatsika limodzi, osabuula, osagwedera, mthunzi n'kugwa pankhope za alendo ngati madzi ozizira. Mkulu wa chipewa uja anayasama. Kenako mayiwo anapita pa zenera lalikulu, anamasula kachingwe kamene anamangira katani yakufa ija, n'kuitsitsa ndi manja awo.

A NyaGondwe anasuzumira pamwamba pa magalasi. "Nanga iyo yakana chiyani, mama?"

A Pemphani anatsokomola. Bambo Greyson anayang'ana nsapato zawo.

"Iyi ndinaisambitsa pokonzekera inu," anatero Mayi Rozina, mutu uli chilili. "Inamwa madzi, yafa. Anzakewa ndawasenza dzulo mpaka kumsika kuti akadye moto. Panyumba pano chathu chikatisautsa sitikabwereka cha eni, timachisenza."

Kenako a NyaGondwe anaseka mpaka kuvula magalasi. Anagwira dzanja la Mayi Rozina, analitembenuza n'kuona zikhadabo zothyoka ndi khungu losupuka ndi sopo, ndipo sanalisiye msanga.

"Abale," anauza anzawo aja, "tisataye nthawi. Ngati mtsikanayo anayamwa bere ili, mwana wathu akadzadwala kapena ntchito ikadzamuthera sadzatayidwa panjira. Tapeza mbeta."

Nthungululu inachokera kukhitchini, ina inayankha kuseri kwa mpanda, kwa Fatu. Mayi Rozina anatuluka pabalazapo akuyenda ngati mwini nyumba, msana ukuwawa, khosi litauma ndi katundu wa dzulo, koma osadandaula ngakhale pang'ono. Chokoma chilichonse chimabwera ndi goli lake, ndipo wochifuna amalisenza osayang'ana kumbali. Paja akulu anati, walira mvula walira matope.