Namwino Amene Anatulutsa Womasulira

Panali munthu wina, mkazi wa mtundu wa Ainuiti, dzina lake Pipaluk. Anabadwira ku Girinilandi, dziko la kumpoto kumene nyanja imaundana mpaka anthu kuyendapo. Ali wamng'ono anamutumiza kusukulu ku Denimaki. Anakhalako zaka makumi awiri, nabwerera kwawo ali namwino. Koma Chikalalisuti, chinenero cha makolo ake, chinali chitamuthawa. Kumva ankamva pang'ono, kuyankhula ankachita manyazi. Motero pachipatala cha m'mudzi wina ankagwira ntchito ndi womasulira, bambo wina wa m'mudzi momwemo.

Tsiku lina kunabwera mayi ena okalamba, osoka zovala zachikopa. Anali atawonda kwambiri. Womasulira atawafunsa, anati mutu ndiwo ukuwawa. Pipaluk anawapatsa mankhwala a mutu. Patapita sabata anabweranso, yankho lomwelo. Ulendo wachitatu Pipaluk anaona kuti mayiwo akuyankha ataweramitsa nkhope, manja atagwira pamimba.

"Bambo, tadikirani panja," anauza womasulira.

"Nanga mumvana bwanji?"

"Sindikudziwa. Ingotulukani."

Bamboyo atatuluka, Pipaluk anatseka chitseko nakhala pafupi ndi mayiwo. Anatolera mawu amene anamutsalira, mawu a kamwana ka zaka zisanu.

"Amayi... kuwawa... pati?"

Mawuwo anatuluka opotoka. Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, namuuza katchulidwe koyenera. Kenako kuseka kunatha.

"Mwananga, bambo watulukayo ndi mkamwini wanga. Ndikananena bwanji pamaso pake kuti ndikutaya magazi miyezi itatu tsopano?"

Anafotokoza pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, mwina ndi manja, mpaka Pipaluk anamva zonse. M'mawa mwake ndege inawatengera kuchipatala chachikulu, ndipo madokotala anati akanachedwa mwezi wina sakanapulumuka. Atachira, mayiwo ankabwera Lachitatu lililonse, nsingano ndi chikopa m'manja, kudzacheza ndi namwinoyo ndi kumuwongola lilime. Chaka chisanathe, amayi a m'mudzimo anayamba kulowa m'chipinda chake okha, popanda womasulira.

Inu mukundimvera, ena mwa inu chinenero cha kwanu mumachiyankhula motsimphina, ndiye mwasankha kungokhala chete. Musadikire kuti lilime liyambe lawongoka. Pafupi nanu pali munthu amene wasunga nkhani yomwe sangainene m'chinenero cha eni, ndiponso sangaidutsitse pakamwa pa munthu wina. Pitani kwa iye ndi mawu ochepa muli nawowo. Otsalawo akakupatsani yekha.